Ndinkasamba kubafa kwa Zakeyu

1

Mukafika pa Mitundu n'kufunsa za Felesiya, mkazi wa a Gilibati, musadabwe wina akayang'ana kumbali, wina n'kuseka atagwira pakamwa. Akuuzani kuti ndinapezeka ndikutuluka m'bafa ya mwamuna wa mwini, chitenje chili m'khwapa, madzi akuchucha m'miyendo. Sakunama. Chithunzi chake chinayenda m'mafoni mpaka chinakafika kwa abusa. Koma poti aliyense wakhala akuikamba nkhaniyi momwe akufunira, lero ndati ndiikambe mwini wakene.

Ndinali supavaiza pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ndi kupanga chiponde, kufupi ndi Nathenje. Dzina lake sinditchula, pakuti ngakhale chikwangwani chake wina anazula kale n'kukafolerera khola la nkhuku. Ndinkavala chijasi choyera ndi chipewa choyera, ndipo mawu anga ankamveka pamwamba pa phokoso la makina. Ndikakhosomola, anthu ankaleka kucheza.

Mkati mwa sabata ndinkagona m'kachipinda ka lendi pa Nathenje pompo, kumudzi n'kumapita Loweruka. Mukanandiona ndikutsika pa njinga yamoto pa msika wa Mitundu, abale! Suti yabuluu, nsapato zagogoda, kuyenda ngati pansi pali minga. Khasu ndinalisiya kalekale. Ndinkati manja ogwira chakudya cha anthu sayenera kukhala ndi matuza, chikhalirecho chakudyacho sindinkachikhudza n'komwe, ntchito yanga inali yoloza ndi chala.

Amuna anga a Gilibati ndi mlimi wa mtedza ndi fodya, munthu wofatsa mpaka kumakwiyitsa. Ankandinyadira koopsa. Pa bawo ankati, "Mayi a Madalo ali ndi anthu pansi pawo, ena a imvi." Madalo ndi mwana wathu, nthawi imeneyo n'kuti ali ku sekondale yogonera komweko. Kumaliro sindinkapita nawo kotunga madzi, ankandikhazika pa mpando kuti ndizilonjera alendo. Ndipo ine, mwana wa munthu wosauka, ndinkaona kuti mpandowo unapangidwira ine.

2

Zinthu zinayamba kupendekeka pang'onopang'ono. Tsiku lina manijala anandiitana mu ofesi.

"Mayi Felesiya, ntchito yosesa, yotsuka makina ndi yonyamula matumba tikuipereka kwa kontilakitala wa m'tauni. Abwera ndi anthu ake. Inu mumadziwa kulankhula ndi anthu, kawauzeni."

Ndinanyadira kuti andisankha. Ndinawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa fakitale, ine n'kukwera pa kachitunda kuti onse andione.

"Anzanga, dziko likusintha," ndinatero. "Musamaone ngati ntchito ndi mayi wanu. Phunzirani kudzidalira. Kumudzi kuli minda, kuli ziweto."

Azimayi ena analira. Amene anakweza dzanja anali Zakeyu, mwamuna wamanyazi amene ankatsuka makina ofinyira soya. Ndinali nditamukalipirapo kangapo pagulu chifukwa cholowa m'chipinda chopakira atavala majombo amatope.

"Madamu, nanga inuyo kontilakitala wanu abwera liti?"

Anthu anaseka m'misozi momwemo. Ine ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zakeyu, mutu sachita kubwereka m'tauni. Amabwereka manja."

Chaka sichinathe. Makina anayamba kugona, lero ati zipangizo zokonzera zikusowa, mawa ati magetsi. Kenako Lolemba lina tinapeza geti lili lotseka, panja pataima bambo wa tayi amene sitinamuonepo. Anatiuza mwaulemu kwambiri kuti eni ake aona kuti n'kosavuta kuitanitsa mafuta oyenga kale kuchokera kunja n'kumangomata dzina lawo pa botolo. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo.

"Pepani bwana, ine ndine supavaiza."

"Zikomo mayi. Chijasicho musiye kwa mlonda."

Ndinavula pamaso pa anthu onse amene ndinkawaloza ndi chala. Mlondayo anali wa kontilakitala, sankandidziwa n'komwe. Analandira chijasi changa ngati akulandira chisanza.

3

Loweruka limenelo ndinapita kumudzi ndi mtima wokanena zoona. Ndikulumbira. Mawu ndinawakonza pa njinga, njira yonse ya fumbi ija.

Koma nkhani inali itafika kale. Ndinapeza pakhonde pali alamu anga a Dorica, mlongo wawo wa a Gilibati, akusenda mtedza. Ine ndi a Dorica tinkakondana ngati mmene amakonderana anthu ogulitsa tomato moyandikana.

"Alamu, pepanitu, tamva," anatero, nkhope ili ngati ya pamaliro koma maso akuvina. "Musadandaule, khasu lanu lija lilipo. Tingolichotsa dzimbiri. Mawa lino tikupita kukasenza manyowa, mutiperekeze."

A Gilibati anali ataima pakhomo, akundiyang'ana ndi chisoni. Chisoni chimenecho ndi chimene chinandiputa. Ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha.

"Khasu la chiyani? Achotsa anthu wamba. Ife akuluakulu atisiya kuti tiziyang'anira ofesi mpaka abwere eni ake atsopano."

A Gilibati anaomba m'manja. "Sindinanene ine? Mayi a Madalo sangawasiye!"

Tsiku lomwelo anapha tambala. Chiwindi chake anapatsa ine, ndipo ndinadya.

Lolemba ndinavala suti n'kubwerera ku Nathenje. Ndinkati ndi za masabata ochepa, ntchito ina ndiipeza, bodza lija lisanduka zoona palibe adziwe. Ndinayenda m'tauni monse, ku Kanengo geti ndi geti, mpaka gogoda imodzi inathyoka. Kulikonse yankho linali limodzi: "Sitilemba ndife mayi, timangouza kontilakitala." Ndikapita kwa kontilakitala, iye ankafuna anyamata onyamula matumba. Supavaiza anali mlamu wake.

Zimene anatipatsa potitsanzika zinasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Ndinagulitsa kafiriji, kenako wailesi, kenako mipando. Loweruka lililonse ndinkafikabe kumudzi ndi shuga, buledi ndi botolo la mafuta, mafuta akunja aja amene anandichotsa ntchito. Mkati mwa sabata ndinkagonera chinangwa ndi madzi.

Tsiku lina masana ndinakhala pa siteji ya minibasi pa Nathenje, osati kuti ndimapita kwinakwake, koma kuti anthu aziona ngati ndikupita kwinakwake. Fungo la nyama ya pachiwaya linkandizunguza mutu. Ndinamva mawu kumbuyo.

"Madamu!"

Anali Zakeyu. Atanenepa, atavala jekete yachikopa, makiyi a njinga yamoto akulendewera pa chala. Anakhala pafupi nane osapempha. Anayang'ana nsapato yanga yomata ndi guluu, anayang'ana milomo yanga youma, ndipo anaitanitsa mbale ya nyama ndi tchipisi. Ndinati ndakhuta. Kenako ndinamaliza mbale yonse, mpaka kabichi.

Tinalankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu. Atanena chimene ankafuna kwa ine, ndinadzuka.

"Zakeyu, ukundiona ngati ndani? Ine ndine mkazi wapabanja, wolemekezeka!"

"Palibe adziwe, madamu. Mpanda wanga ndi wautali. Muzilowera kuseri, m'mawa mkazi wanga Jacinta akangopita ku chiwaya."

Ndinachoka nditafufuma. Ndinagona ndi njala masiku angapo. Kenako m'mawa wina ndinavala suti yanga, n'kukagogoda pa kageti ka kuseri kwa Zakeyu.

Zimene ndinkachita kuseri kwa mpanda umenewo ndinawabisira amuna anga miyezi yambiri. Inunso mupirire pang'ono.

4

Munthu amazolowera chilichonse. Tsiku loyamba ndinalira mpaka kusanza. Pakutha pa mwezi ndinkafika ndikuimba kanyimbo ka kwaya. Ndinkalowa m'mawa nditavala suti, madzulo n'kusamba bwinobwino, kudzola mafuta onunkhira ambirimbiri, kuvalanso suti, n'kutuluka ngati munthu wochokera mu ofesi. Chakudya ndinkadya komweko. Ndinanenepa, khungu n'kusalala.

"Ntchito yatsopanoyi ikukuyanjanitu," anatero a Gilibati Loweruka lina. "Koma perefyumuyu mwaonjeza, ndikuchita kuyetsemula."

"Ndi wa mu ofesi, bambo. Timakumana ndi alendo."

Ndinaiwala chinthu chimodzi: anyamata a kabaza. Anyamata amenewa amanyamula anthu pakati pa Nathenje ndi Mitundu tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani amanyamula ulere. Mmodzi anauza mnzake, mnzakeyo ananyamula a Dorica.

A Dorica sanafunse munthu. Anatenga dengu la tomato ngati akupita kogulitsa, n'kukatsikira pa geti la fakitale. Anapeza loko wadzimbiri, udzu wofika m'chiuno, mbuzi zikudya pomwe panali ofesi yanga. Anafunsa mlonda za supavaiza.

"Muno supavaiza ndine," anayankha mlondayo. "Ndimayang'anira mbuzizi."

Mnyamata wakabaza uja anawalozera nyumba ya Zakeyu. Anazungulira kuseri, anapeza pomwe mpanda wa udzu unang'ambika, n'kuikapo diso ndi foni. Bafa inali pafupi ndi mpandawo. Ndinatuluka nditamanga chitenje m'khwapa, ndikuimba, suti yanga ili pa chingwe. Mwatsoka lake, nthawi yomweyo Zakeyu anatulukira atanyamula botolo la mafuta odzola limene ndinaiwala pakhonde.

"Madamu, mwatopa lero. Mwalimbikira kwambiri."

"Iwe Zakeyu, msana wonsewu wandithyokera," ndinayankha ndikuseka.

Ndinangomva kufuula kuseri kwa mpanda: "Mayo ine! Achimwene anga!"

Pomwe ndinkafika pa geti, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, a Dorica n'kuti ali pa njinga, dengu la tomato atalisiya pomwepo.

5

Sindinathamangire kumudzi tsiku limenelo. Ndinazimitsa foni n'kudzitsekera m'kachipinda kanga. Mawa lake kunabwera uthenga wa pakamwa: atsibweni anu a Isake akuti mufike, ankhoswe akhala pansi Loweruka.

A Isake ndi mlongo wawo wa malemu mayi anga, ndipo ndi amene anaimira ukwati wanga. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, pamodzi ndi nkhoswe ya kuchimuna. A Dorica anali pa mphasa, foni ili pamiyendo ngati mwana wakhanda. Anthu oyandikana nafe onse anapeza chochita pafupi ndi mpanda wathu tsiku limenelo, wina kusesa pomwe anasesa kale. Mpando sanandipatse. Ndinakhala pansi, suti ndi fumbi.

A Gilibati anali ataonda m'masiku ochepa omwewo. Sanandiyang'ane.

A Dorica anafotokoza zonse, ndipo kunena zoona sanaonjezere kanthu. Panalibe chifukwa choonjezera. Foni inazungulira. Atsibweni anaiyang'ana, n'kuvula magalasi, n'kupukuta, n'kuyang'ananso.

"Felesiya, uyu ndiwe?"

"Ndine, atsibweni."

"Fakitale inatsekedwa?"

"Inatsekedwa."

"Ofesi imene umayang'anira ili kuti?"

"Kulibe."

"Nanga kwa bambo ameneyu umakatani tsiku ndi tsiku, mpaka kusambako?"

Apa ndi pamene mudziwe mtundu wa munthu amene akukulemberaniyu. Yankho linali pa lilime. Likanathetsa mlandu nthawi yomweyo. Koma ndinayang'ana a Dorica, ndinayang'ana mitu ya anthu pamwamba pa mpanda, ndipo ndinayamba kuyeza mu mtima: kodi chochititsa manyazi kwambiri n'chiti, chimene akundiganizirachi kapena chenichenicho? Mkazi wachigololo amanyozedwa, inde, koma anthu amati ndiye kuti ngokongola. Chinachi ayi. Ine Felesiya, wa mu kwaya, mayi wa mwana wamkulu, ndinakhala pamenepo ndikuganiza zovomera tchimo limene sindinachite. Ndinangoti zii.

"Mwaona?" anatero a Dorica. "Alibe mawu."

Nkhoswe ya kuchimuna inakhosomola n'kunena kuti ngati zili choncho, palibe chokambirana, mayi alongedze. Atsibweni anaweramitsa mutu.

Pamenepo a Gilibati analankhula, motsitsa, akuyang'ana zala zawo.

"Ine sindikudabwa. Ndinkadziwa kuti tsiku lina zidzachitika. Mayi a Madalo ndi munthu wa mu ofesi, ine ndimanunkha fodya ndi ndowe. Ndikabwera kumunda ndimayamba ndasamba ndisanawapatse moni, kuopa kuwadetsa. Ngati apeza munthu waukhondo wofanana nawo, musawakalipire. Chokhacho, Madalo musamuuze mpaka alembe mayeso."

Misozi inagwera pa bondo la buluku lawo. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanaonepo bambo amenewa akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo.

"Nkhumba," ndinatero.

Atsibweni anadzuka ndi ukali. "Ukutukwana ndani?"

"Sindikutukwana, atsibweni. Ndimagwira ntchito m'khola la nkhumba. Zakeyu amaweta nkhumba kuseri kwa nyumba yake, mkazi wake amakazinga nyama kumsewu. Ine ndimawola ndowe, ndimatsuka makola, ndimaphika madeya. Akapha nkhumba, matumbo ndimatsuka ndine. Ndiye ndikaweruka ndimasamba, chifukwa fungo lake ngakhale wa kabaza sangakunyamule."

Kenako kuseri kwa mpanda wina analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka, ndipo enawo anatsatira.

"Bodza!" anakuwa a Dorica. "Awa? Awa amene amapukuta mpando ndi kansalu asanakhale? Agwire ndowe ya nkhumba awa? Apangana ndi chibwenzi chawocho!"

Tamverani tsoka langa: ndinadzikweza zaka zambiri moti tsiku limene ndinanena zoona, palibe anakhulupirira kuti ndingatsike mpaka pamenepo.

"Tipite tikaone," anatero atsibweni. "Lero lomwe, asanatumizirane mafoni."

6

Tinanyamuka pa njinga zamoto, ndondondo ngati ukwati: atsibweni, nkhoswe ya kuchimuna, a Dorica, a Gilibati, ine kumapeto. Foni yanga inali m'thumba mwa atsibweni.

Zakeyu tinamupeza akukonza mpanda pomwe panang'ambika paja. Ataona gululo anafuna kuthawa, koma analimba mtima n'kutulutsa mipando. Anatuma munthu kukaitana Jacinta kumsewu. Jacinta anafika ndi chipande cha chiwaya m'manja, mayi wamfupi wa mawu ngati belu.

"Chigololo? Ndi awa?" Anaseka mpaka kukhala pansi. "Atsibweni, ganizo lowalemba ntchito linali langa. Ndinawaona pa siteji akumeza mate. Iwo ndi amene anatigwadira kuti tisauze munthu, ndipo ankalowera kuseri ine nditachoka, kuti anthu a pamsewu asationere limodzi n'kuyamba kufunsa. Atajambulidwa ndinawauza kuti tiyeni ndikuperekezeni ku Mitundu ndikafotokoze. Anakana, ati ndikawayalutsa!"

"Mwagwirizana nonse," anatero a Dorica, koma mawu anali atayamba kuchepa.

"Chabwino," anatero Zakeyu. "Alamu, lowani inuyo kumakolako muziitane nkhumbazo."

A Dorica anapita atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. Anaitana, anaomba m'manja, anachita kulira ngati nkhumba. Nkhumba zinangotukula khutu n'kupitiriza tulo.

"Madamu, tayesani inu."

Ndinavula gogoda, n'kuvala majombo anga amene anali pakhomo la khola. Anandikwana ndendende, ndipo ndinaona atsibweni akuyang'ana zimenezo. Ndinangoti, "Ana anga, mwaswera?"

Abale, kunali ngati kwagwa bomba. Makola onse anadzuka. Kulira, kulumpha, kukanda zitseko. Chinkhumba chachikazi chachikulu, chimene ndinachichezera pobereka, chinaimika miyendo pa khoma n'kuyamba kundinyambita dzanja, suti yabuluu yonse matope okhaokha. Tiana take tinkandizungulira m'miyendo.

Atsibweni anaseka mpaka kutsamira mtengo. "Mboni zoterezi sindinazionepo. Chachikuluchi dzina lake ndani?"

Zakeyu anakanda m'mutu. Jacinta ndi amene anayankha.

"Supavaiza. Amuna angawa anaitcha kalekale, atangochotsedwa ntchito, chifukwa imalongolola ndiponso imafuna kudya yokha poyamba."

Ine miyezi yonseyi ndinkaiitana kuti Supa, osadziwa kuti dzinalo ndi lodula, osadziwanso kuti mwini dzina ndine. Ndinamuyang'ana Zakeyu.

"Pepani madamu," anatero. "Nthawi imeneyo mtima unali ukuwawa."

Onse anaseka, ngakhale a Dorica. Nditacheuka kuti ndione ngati a Gilibati akuseka nawo, ndinapeza palibe. Anali atatuluka, ali kumsewu kufunafuna njinga yobwerera.

7

Ine ndinkaona ngati mlandu watha. Ankhoswe anagamula kuti chigololo palibe, ukwati ulipo, a Dorica apepese. Anapepesadi, akuyang'ana kumwamba. Ndinabwerera kumudzi ndi katundu wanga wotsala, amene anakwana pa njinga imodzi.

Koma a Gilibati anasamukira m'chigafa cha fodya. Chakudya ankadya, moni ankayankha, koma mawu ena ayi. Nditatopa nazo ndinawatsatira kudimba, n'kugwada pa mzere wa mpiru.

"Bambo a Madalo, si mwaona nokha kuti sindinachimwe?"

Anaika khasu pansi.

"Mukanakhala kuti munakonda mwamuna wina, ndikanati mtima ndi mtima. Koma inu munagona ndi njala ku Nathenje, kuno nkhokwe ili yodzaza. Munagwadira Zakeyu, munagwadira mkazi wake, kuopa kuti ine ndidziwe. Mumaona ngati ndinakwatira chijasi choyera chija? Pa bwalo paja munatsala pang'ono kulola ukwati kutha, kusiyana n'kuti anthu adziwe kuti mumagwira ntchito yonga yanga. Ndiye kuti ntchito yangayi mumaiona bwanji? Ineyo mumandiona bwanji?"

Ndinadzuka pomwe ndinagwada paja. Ndinatola khasu lawo n'kuyamba kupalira. Sanandiletse. Madzulo manja anga anali matuza okhaokha.

Ndinapita nawo kudimba mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka ndinasiya kuwerenga. Amayi a pa mjigo ankati ndikafika wina azilira ngati nkhumba chapansipansi. Poyamba ndinkabwerera ndi ndowa yopanda madzi. Kenako ndinayamba kuwayankha ndi kulira kwa nkhumba yeniyeni, poti ine ndimakudziwa bwino kuposa iwo, ndipo masewerawo anatha okha.

Madalo atabwera ku holide ndinamuuza ndekha zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Amayi, ndiye chithunzi chija anzanga anandionetsa kalekale. Ndinkangodikira kuti munene." Mwanayo analemba mayeso ali ndi mwala umenewo mu mtima, chifukwa cha ine. Pa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndi chimene sindimachiseka.

Mvula itayandikira, m'mawa wina ndikusesa, a Gilibati anaima pakhomo la chigafa.

"Mayi a Madalo."

Tsache linagwa. "Wawa bambo."

"Ndowe zija, Zakeyu amapita nazo kuti?"

"Amangounjika kuseri. Zimamusowetsa mtendere."

"Feteleza chaka chino sitimukwanitsa. Mukamufunse ngati tingakatenge pa ngolo." Kenako anaonjezera kuti, "Mukafunsenso ngati angatigulitse tiana tiwiri. Inu mukuidziwa ntchitoyo, ine ndimanga khola."

Madzulo a tsiku limenelo ndinaona akulowetsa bulangete lawo m'nyumba. Ndinapitiriza kuphika ngati sindinaone, kuopa kuti angabwerere.

8

Lero ndimaweta nkhumba pa Mitundu, ndipo Jacinta ndi amene amandigula zambiri. Sindinalemere, musamve zabodza. Chaka china chigodola chinapha khola lonse, ndinalira kuposa tsiku lija la pa geti, n'kuyambanso. Alipo anthu mpaka pano amene amakhulupirira chithunzi kuposa nkhumba, ndipo ndikadutsa amakodolana. Amenewo sindingawathe. Ndinawapatsa ndekha nkhaniyo.

Inu amene mukuwerenga, mwina kuntchito kwanu kwayamba kumveka za kontilakitala, mwina geti analitseka kale ndipo m'mawa uliwonse mumavalabe bwino n'kutuluka kuti a pakhomo asadziwe. Sindikunamizani kuti kuchotsedwa ntchito n'kopepuka. Kumawawa ngati maliro, ndipo si inu munalakwa kuti eni fakitale apeze njira yotchipa. Koma imvani kwa ine amene ndinatsala pang'ono kuvomera chigololo pothawa dzina la wowola ndowe: ntchito inandithera tsiku limodzi, koma chimene chinatsala pang'ono kundithetsera banja ndi bodza limene ndinalinena pakhonde, pofuna kuti mlamu wanga asandiseke. Anandisekabe, ndipo anaseka ndi mudzi wonse.

Pitani kunyumba mukanene lero lomwe, akadali okumverani chisoni. Kusekedwa ndi mlamu kumatha msanga, koma mwamuna wabwino akasamukira m'chigafa, kumubweza kwake n'kwa matuza m'manja.